Holo yogonamo osowa pokhala ku Ulongwe m'nyengo yachisanu

Anthu akamva za Tete amaganiza za kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi, koma ife a ku Angonia timadziwa mmene Juni ndi Julayi amalumira kuno kumtunda, makamaka mphepo ya Mwera ikachezera kuwomba. Ulongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, pamene phiri la Domwe limaposa mamita 2,000, choncho wogona pakhonde la sitolo m'miyezi imeneyi amaika moyo wake pachiswe. Mpingo wina umatsegula holo yake usiku kuti anthu oterewa agonemo, ndipo ntchitoyi ndi yoyamikirika, ngakhale ili ndi zofunika kukonza msanga.

Chabwino koposa n'chakuti pakhomo safunsa BI, chiphaso cha unzika cha ku Mozambique. Ambiri ogonamo ndi aganyu okumba kachewere amene adutsira pachipata cha m'malire cha Calomue kuchokera ku Dedza, nkhalamba zopanda ozisamalira, ndi ana ochezera pamsika, moti kuwafunsa zikalata kukanangowabwezera panja. Amayi oyang'anira holoyo amayamba ayala makatoni pansi, kenako mphasa, podziwa kuti simenti imakoka kutentha kwa thupi ngakhale munthu atafunda mabulangete awiri. Madzulo pamakhala phala lamgaiwa lotentha, ndipo amayi ndi ana ali ndi mbali yawo yotchingidwa bwino.

Chondidetsa nkhawa ndi mbaula. Amaiika pakati pa holo makala asanapse bwino, mawindo onse atatsekedwa, m'ming'alu atatsinyiramo masaka. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka komanso sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Wopulumuka amadzuka mutu ukuwawa, akumva chizungulire ndi nseru. Kutseka kotereku kumathandizanso kuti chifuwa chachikulu chifale pakati pa anthu ogona mothithikana, ndipo otsokomola m'holomo si ochepa. Mbaulayo iyenera kutulutsidwa anthu asanagone, windo limodzi lam'mwamba lisiyidwe lotsegula, ndipo ndalama ya makala igulire mabulangete, amene pakali pano sakwanira.

Sindikugwirizananso ndi lamulo lotulutsa anthu 5 koloko m'mamawa. Imeneyo ndi nthawi imene chisanu chimafika pachimake, popeza dzuwa la Juni limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo kusesa holo kungathe kudikira mpaka agogo ndi ana atapeza kadzuwa kowotha.