Font ikasowa posindikiza: kuinyamula kapena kuumitsa mawu?

Mwezi watha ndinakonza makadi a ukwati wa mlamu wanga pa CorelDRAW, pulogalamu yapakompyuta yokonzera zojambula, n'kukwera minibasi kuchoka ku Santhe kukasindikiza pa Kasungu boma. Atatsegula fayilo pa kompyuta yawo, zilembo zopindapinda zija zinasanduka zina zowuma, dzina la mkwatibwi n'kugwera mzere wachiwiri. "Achimwene, font imeneyi kuno tilibe," anatero mnyamata wosindikizayo.

Njira zopewera vutoli zilipo ziwiri. Ina ndi kunyamula font, kutanthauza mtundu wa zilembo, pamodzi ndi fayilo pa fulashi. Pa InDesign, pulogalamu ina ya kampani ya Adobe, mukasankha Package imasonkhanitsa ma font mu foda ya Document fonts. Ubwino wake, tsiku la ukwati likalakwika amakonza pomwepo muli chiimire. Koma ma font a Adobe Fonts, omwe Adobe imapereka pa intaneti, salowamo, ndipo akale a Type 1 Adobe inasiya kuwalandira mu 2023.

Inayo ndi kusandutsa mawu kukhala chojambula, Ctrl+Q pa CorelDRAW. Palibenso chosowa, paliponse amatuluka momwe munawaonera. Kungoti mawuwo auma basi, ngakhale chilembo chimodzi simungachilembenso.

Pa makadi ndi zikwangwani ine ndimasankha yachiwiriyi, nditasunga kaye kope losasandutsa. Buku la masamba ambiri, nyamulani font.