Gautrain yochokera pa OR Tambo kukafika ku Park Station: ndalama zanga sizinapite pachabe

Kwa amene mukutsika ndege pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg muli ndi chikwama chimodzi kapena ziwiri, ine ndikuti kwerani Gautrain, sitima yapamtunda yothamanga kwambiri. Ndinaikwera nditatsika ndege yochokera ku Lilongwe ndipo ndinakhutira nayo kwambiri.

Siteshoni yake ili m'bwalo la ndege momwemo, pamwamba, ndipo zikwangwani zimakulondolerani mukangotenga katundu wanu. Simutuluka panja n'komwe, zomwe zinandipepuza mtima chifukwa mlendo wotopa ndi amene amagwa m'manja mwa anthu omunyengerera kuti akwere galimoto yosadziwika. Pachipata mumangogunditsa khadi. Pali khadi ya Gautrain yomwe mumagula n'kuikamo ndalama, komanso khadi ya kubanki yongogunditsa ija imatheka. Munthu aliyense akhale ndi yakeyake, musati mugwiritse imodzi ndi akazi anu.

Kuchoka pabwalo la ndege kufika ku Sandton ndi mphindi pafupifupi 15 basi. Sitimayi imatha kuthamanga mpaka makilomita 160 pa ola, koma chikwama changa chinangokhala phee pamalo ake osagwedezeka. Pawindo ndimaona magalimoto atathithikana pamsewu ife tikungodutsa. Mukapitirira Marlboro imalowa pansi pa nthaka, ndipo ku Sandton mumatsikira pansi penipeni. Apa ndi pofunika kutchera khutu: sitima yochokera ku bwalo la ndege imathera pa Sandton, ndiye wopita ku Rosebank kapena ku Park Station ayenera kusintha. Wopita ku Midrand, Centurion, Pretoria kapena Hatfield asinthire pa Marlboro. Nditaima pang'ono kuwerenga chikwangwani, mlonda wina anabwera yekha n'kundilozera nsanja yoyenera mwaulemu ndithu.

Ukhondo wake ndi umene unandigwira mtima. Sitimayi inayamba kuyenda mu June 2010, mpira wa World Cup utatsala pang'ono kuyamba, koma mipando ndi pansi pomwe zikuonekabe zosamalika. Chinsinsi chake ndi lamulo: m'sitima ndi pansanja saloleza kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu, ndipo alonda sachita nazo manyazi. Kamba wanu wa paulendo adikire m'chikwama.

Mtengo wochokera pabwalo la ndege ndi wokwera kangapo kuyerekeza ndi wa pakati pa masiteshoni enawo. Kwa munthu mmodzi ndikuona kuti n'zoyenera, poti ukugula nthawi ndi mtendere wa mumtima. Koma ngati muli banja la anthu anayi ndi masutikesi odzaza ufa, usipa ndi chambo chouma cha abale, werengerani bwino, galimoto yoitanitsa pa foni ikhoza kukutsikirani mtengo. Dziwaninso kuti sitimayi siyenda usiku wonse, choncho ngati ndege yanu ikutera mochedwa onani nthawi ya sitima yomaliza musananyamuke kumudzi.

Pa Park Station mumatulukira pafupi ndi pomwe ambirife timakwerera mabasi obwerera ku Malawi. Kunjako ndi m'tauni mwenimweni, anthu piringupiringu, ndiye foni ikhale m'thumba ndipo wodzakuchingamirani mupangane naye malo enieni mudakali m'sitima. Ine m'bale wanga anandipeza pachipata penipeni, tinakakwera taxi ya ku Turffontein dzuwa lisanalowe. Gautrain ndikuipatsa nyenyezi zisanu.