Ndemanga: chipinda cha woyendera njinga pa loji ina ya kunyanja

Ndemanga iyi ndikulembera mabanja amene ali ndi kholo kapena mwana woyendera njinga ya anthu aulumali, ndipo akulingalira zokapuma kunyanja onse pamodzi popanda wotsala pakhomo. Ife timakhala paboma la Dedza, ndipo bambo athu, omwe adaphunzitsa m'sukulu za kuno mpaka kupuma pantchito, akhala akuyendera njinga chidwalireni sitiroko imene idafoola mkono ndi mwendo wakumanja. Patchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, tidapangana pachibale kuti mayi tikawasangalatse kunyanja, koma mayiwo adanenetsa kuti sakwera galimoto ngati amuna awo atsala. Tidagona pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja pakati pa Monkey Bay ndi Mangochi. Dzina lake sindilitchula, chifukwa zimene tidakumana nazo ndidazimvanso m'mayankho a malo ena onse amene ndidaimbirako lamya, ndipo sikungakhale chilungamo kuloza chala amene adayesetsa kuposa anzawo. Malowa ndikuwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu: anthu ake ndi abwino kwambiri, koma nyumbayo idamangidwa ndi munthu amene sadakhalepo panjinga ngakhale kwa ola limodzi.

Ntchito yaikulu idali yosungitsa malo. M'mwezi wa Okutobala malo ogona a kunyanja amadzaza msanga, choncho ndidayamba kuimba kudakali nthawi, ndipo kulikonse ndikafunsa ngati ali ndi chipinda cha munthu woyendera njinga, yankho linkabwera mosangalala kuti zipinda zapansi zilipo zambiri. Pofunsitsa m'pamene ndinkazindikira kuti zapansizo zili pamwamba pa maziko aatali, zokwerera masitepe atatu kapena anayi, ndipo amangi sadalakwitse kutero, pakuti aliyense amene adaona mmene nyanja idakwerera m'chaka cha 2024, mpaka kulowa m'mabwalo ndi m'zipinda za malo ambiri, akudziwa chifukwa chake nyumba za kugombe amazikweza. Pa loji imene tidasankhayi, mtsikana wa polandirira alendo adachita zimene ena onse adazengereza: adatenga tepi yoyezera, nayeza khomo la chipinda, nanditumizira zithunzi pa WhatsApp tsiku lomwelo. Khomolo lidali la masentimita 85 pamene njinga ya bambo ndi ya masentimita 66 m'lifupi. Ndidalipira theka la ndalama kudzera pa Airtel Money, ndipo ndidaumirira kuti uthenga wotsimikizira ukhale ndi nambala ya chipindacho, chifukwa pamalo ponsepo chotere chilipo chimodzi chokha. Pa ichi adasunga pangano, ndipo tidachipeza chikutidikira ngakhale kuti alendo adali pikitipikiti.

Pangano lina adaliphwanya. Ndidapempha kuti chipinda choyandikana nacho achisungire achimwene anga, omwe ndiwo amanyamula bambo kuchoka pabedi kupita panjinga, ndipo adavomera palamya, koma pofika tidapeza atachipereka kwa gulu lina lomwe lidabwera kumsonkhano. Achimwene ndi alamu adawaika kumapeto kwenikweni kwa mpanda, kuseri kwa khitchini. Kwa alendo ena kumeneku kukadakhala kusintha kwakung'ono, koma kwa ife kudatanthauza kuti bambo akafuna kupita kuchimbudzi pakati pa usiku, mayi, omwe nawonso ndi okalamba ndipo msana umawavuta, ankayamba aimba lamya n'kudikira kuti mwana wawo adzuke, avale, adutse bwalo lonse mumdima.

Za ulendo ndingonena pang'ono. Msewu wa Masasa wotsikira ku Golomoti uli ndi makona ambiri pa Khwekhwelere, ndipo munthu wofooka mbali imodzi amapendekeka pakona iliyonse, kotero pamafunika mapilo ndi wina wokhala naye kumpando wakumbuyo. Kuchoka ku Dedza, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, n'kufika kunyanja komwe sikufika ngakhale mamita 500, thupi limalandira kutentha limene silidakuzolowere, ndipo bambo adafika atalefuka kwambiri.

Poimika magalimoto padali miyala yothira yosakanizika ndi mchenga, momwe timateyala takutsogolo ta njinga tidamira nthawi yomweyo, moti tidachita kuikoka chafutambuyo. Pakhomo la polandirira alendo pali potsetsereka pokwerera njinga pambali pa masitepe atatu, ndipo eni ake amanyadira napo, koma m'potsetsereka kwambiri. Muyeso umene amisiri odziwa ntchitoyi amatsata ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 a kutalika, kutanthauza kuti masitepe okwera masentimita 45 amafuna njira ya mamita asanu ndi kanthu. Apa padali mamita awiri okha, ndipo wina wakhama pantchito adapakapo polishi wofiira wa pakhonde mpaka kuwala. Munthu woyendetsa yekha njinga sangakwerepo, ndipo potsika achimwene ankachita kuumitsa miyendo ali chosavala nsapato kuti asatengeke.

Chipinda chenichenicho n'chabwino. N'chachikulu, pansi pake m'posalala popanda kapeti wokola mateyala, ndipo pakati pa bedi ndi zenera pali danga loposa mita imodzi ndi theka limene njinga imafuna kuti itembenuke. Makina oziziritsa ankagwira bwino ntchito, ndipo magetsi atathima jenereta idayaka posakhalitsa. Bedi lokha lidali lalitali kuposa mpando wa njinga, pomwe kusamutsa munthu kumaphweka ngati ziwirizi zili pamlingo umodzi, koma titangonena, anyamata awiri adabwera nachotsa matiresi amodzi mwa awiri omwe adasanjikizidwa, vuto n'kuthera pomwepo.

Kubafa ndiye kudagona nkhani, ndipo ndikupempha aliyense wowerenga kuti mafunso ake ambiri akhale a kumeneku. Chithunzi chimene adanditumizira chidaonetsa matailosi oyera ndi chitsulo chonyezimira pakhoma, koma sichidaonetse kuti khomo lolowera n'lopapatiza, la masentimita 70, ndiponso kuti chitseko chake chimatsegukira m'kati. Njinga inkalowa mokhulana ndi mphuthu, bambo atapinda zala zawo pachifuwa, ndipo ikangolowa chitsekocho sichinkathekanso kutseka chifukwa njingayo inkaima pomwe chimayenera kudutsa. Chitseko cha bafa lotere chimayenera kutsegukira kunja, osati chifukwa cha danga lokha, komanso kuti munthu akagwera m'katimo thupi lake lisatchinge omuthandiza. Pashawa adamangapo kakhoma ka njerwa imodzi kotchinga madzi, komwe kwa ife oyenda ndi miyendo sitikaona n'komwe, koma njinga singakadumphe. Mpando wosambirapo mudalibe, ndipo umene adatibweretsera udali wapulasitiki wa kumalo omwera zakumwa, womwe miyendo yake inkatanguza pamatailosi onyowa mpaka tidayalapo chopukutira pansi. Chitsulo chogwirira chidalipo chimodzi, kudzanja lamanja la munthu wokhala pachimbudzi, lomwe kwa bambo ndilo lofooka, ndipo achimwene atachikoka kuti achiyese chidagwedera, chifukwa chidali chopachikapo zopukutira chomwe adangochitsitsa m'munsi. Chimbudzi chake n'chachifupi ngati cha m'nyumba zathu zonse, pomwe cha woyendera njinga chimayenera kukwera kufika pafupi ndi mpando wa njingayo.

Zimenezi zikhoza kumveka ngati kuwerengera tinthu ting'onoting'ono, koma zotsatira zake zidali zolemera. Kunyumba, komwe tidakonza bafa motsatira malangizo a achipatala ophunzitsa mafizo, bambo amasamba okha mbali yaikulu, ndipo amangofuna wowasamutsa. Kuno adasamba chitseko chili pululu, atagwiriziridwa ndi mwana wawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ife ana aakazi ndi zidzukulu titatulutsidwa panja. Aliyense woleredwa mwa Chingoni kapena Chichewa akudziwa kuti mwana wamkazi kapena mtengwa salowa kumene bambo akusamba, choncho banja limene lilibe mwana wamwamuna wamphamvu paulendo silingathe kugwiritsa ntchito chipinda chimenechi, ngakhale kuti pachitseko pake adakhomapo chizindikiro chobiriwira ngati mtambo cha munthu wa panjinga.

Antchito ake ndilibe nawo mlandu. Kumalo odyera, komwe kuli khonde loyang'ana kunyanja lotsikira masitepe awiri, anyamata operekera zakudya ankathamanga akangotiona, namati, "Agogo, musadandaule, tikunyamulani ndi njinga yomwe." Tsiku loyamba bambo adalola. Lotsatira adawayankha mofatsa kuti, "Zikomo ana anga, mitima yanu ndaiona, koma ine si thumba la kachewere loti muzikweza ndi kutsitsa, ndiikireni tebulo pano pamwamba." Anyamatawo adaseka mwamanyazi, nasuntha tebulo, ndipo kuyambira pamenepo tinkalipeza litakonzedwa kale pamalo pomwepo, ndi mpando umodzi utachotsedwa kuti njinga ilowe. Mmodzi wa iwo adazindikira yekha kuti bambo amadya ndi dzanja limodzi, ndipo ankawabweretsera chambo atachotsa kale minga kukhitchini, popanda kulengeza kapena kuchititsa wina aliyense manyazi. Chambocho chidali chatsiku lomwelo ndipo nsima yake yophikidwa bwino. Chakudya cham'mawa chokha ndicho adachiyala pamatebulo aatali oti munthu wokhala pansi sangaone zomwe zili m'mbale.

Chimene sitidzaiwala chidachitika kugombe. Njira ya simenti imathera pamthunzi wa udzu, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kumadzi ndi mchenga wokhawokha, womwe njinga siyendamo. Bambo adali atavomereza kale kuti nyanja aionera patali, koma bambo wina wosamalira maluwa, popanda womutuma, adakatenga matabwa otsala pa ntchito yomanga, nawayala mizere iwiri motalikirana ngati mateyala, ndipo ankanyamula akumbuyo kuwapititsa kutsogolo mpaka tidafika pomwe mafunde amathera. Zidzukulu zidavula agogo awo nsapato n'kumawathira madzi kumapazi, mayi atagwira chogwirira cha njinga. Ndidamuuza manijala kuti zimene wantchito wakeyo adachita ndi matabwa akale zikusonyeza kuti njira yokhazikika yofika kumadzi siingawadyere ndalama zambiri. Ulendo wa paboti wokaona nsomba za mbuna sudatheke kwa bambo, popeza pokwerera pake ndi kuyamba walowa m'madzi ofika m'maondo, ndipo adatiuziratu zimenezi moona mtima tisadalipire.

Pa bilu tidasemphana pang'ono. Popeza chipindacho n'chachikulu, adachiika pamtengo wa zipinda zodula, kutanthauza kuti munthu waulumali alipire zambiri pa danga limene sadalisankhe ngati chinthu chosangalalira. Ndidawakumbutsa kuti dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la maufulu a anthu aulumali mu 2009, kuti lidakhala ndi lamulo lokhudza anthu aulumali kuyambira 2012, ndipo kuti lamulo latsopano la 2024, lomwe lidasintha bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA, silidabwere kudzafewetsa nkhani ya kusalana kapena ya nyumba zofikirika ndi onse. Ndidawauzanso kuti kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa mmodzi mwa khumi aliwonse ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo kuti aliyense wa iwo akatsala pakhomo, kawirikawiri banja lonse limatsala naye, zipinda zitatu kapena zinayi n'kukhala zopanda alendo. Manijalayo sadakangane nane. Adati iwo adangouza mmisiri kuti akonze chipinda cha aulumali, ndipo mmisiriyo adachita zimene ankaganiza kuti n'zoyenera. Ndidawalangiza kuti asadaswe khoma lililonse afunse a MACODA kapena a FEDOMA, womwe ndi mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, kapena aitane munthu woyendera njinga adzagone usiku umodzi n'kuwauza zimene wapeza. Adatsitsa mtengo kufika pa wa chipinda wamba, napepesa pa nkhani ya chipinda cha achimwene, ndipo adalonjeza kutembenuza chitseko cha kubafa ndi kugumula kakhoma ka pashawa.

Kwa munthu amene amatha kuima ndi kuponda kawiri kapena katatu atagwiriziridwa, malowa ndi otheka ndipo adzasamalidwa bwino. Kwa woyenda yekha, kapena wa njinga yamagetsi yomwe ndi yolemera moti anthu awiri sangainyamule pamasitepe, sindingalimbikitse mpaka zimene adalonjezazo zitachitika. Amene mukusungitsa malo kugombe limeneli nyengo ya Khirisimasi, musakhutire ndi chithunzi cha bedi ndi maluwa. Pemphani kanema wojambulidwa ndi lamya kuchokera poimika galimoto mpaka pachimbudzi, wojambulayo akuyenda pang'onopang'ono ataloza pansi, ndipo funsani kuti chitsulo chogwirira chili kudzanja liti. Ngati mukufuna chipinda choyandikana cha wothandiza, nambala yake ilembedwenso mu uthenga wotsimikizira musadatumize ndalama.