FamilySearch: ndi yabwino poyambira kufufuza makolo, koma kabokosi kofufuzira sikaonetsa zonse

Tikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. FamilySearch ndi webusaiti yaulere, ndipo mwini wake ndi mpingo wa The Church of Jesus Christ of Latter-day Saints wa ku Salt Lake City. Aliyense amaloledwa kutsegula akaunti, kaya ndi wa mpingowo kaya ayi. Ntchito yosonkhanitsa makaundula anaiyamba mu 1894, mu 1938 anayamba kujambula mabuku pa timafilimu, ndipo mu 2021 anamaliza kusamutsira pa kompyuta mafilimu pafupifupi 2.4 miliyoni. Phindu lake lagona pa zithunzi za masamba enieni a mabuku a ubatizo, ukwati, imfa, kalembera, malo ndi mawilo (zikalata zogawira chuma cha womwalira).

Ambiri amagwa ulesi tsiku loyamba lomwelo. Amalemba dzina la agogo m'kabokosi kofufuzira, osapeza kanthu, n'kunena kuti webusaitiyi ndi yachabechabe. Chimene sadziwa n'chakuti kabokosiko kamangofufuza mayina amene munthu kapena kompyuta inawerenga m'bukumo n'kuwataipa. Mabuku ochuluka zedi anangojambulidwa, mayina ake sanataipidwe. Agogo anu akhoza kukhala pa tsamba 212 la buku la ubatizo, kabokosi n'kumati kulibe.

Njira yake ndi iyi. Musanayatse n'komwe kompyuta, lembani papepala mayina onse amene munthuyo ankadziwika nawo, dera limene anakhalako, mpingo wake, ndi chaka chongoyerekeza. Kenako pitani pa Search, musankhe Catalog, ndipo mufufuze ndi dzina la malo, osati la munthu. Lembani dzina limene malowo ankatchedwa pa nthawiyo, chifukwa maboma ndi maparishi amasintha mayina ndi malire. Pakatuluka mndandanda wa mabuku, yang'anani tizizindikiro ta kumanja. Kagalasi kokulitsira kakutanthauza kuti mayina ena a m'bukumo anataipidwa. Kakamera kakutanthauza kuti mungatsegule masambawo muli kwanu. Kakamera kokhala ndi kiyi kakutanthauza kuti eni bukulo anaika malire, ndiye nthawi zambiri masambawo amaoneka pokhapokha muli ku FamilySearch Center (malo awo ofufuzirako makolo) kapena ku laibulale yogwirizana nawo. Kakiyi kameneka kamapweteka mtima, koma kamachokera pa mapangano ndi eni makaundula.

Mukatsegula filimu ya zithunzi 800, musayambe pa chithunzi choyamba n'kumapita chimodzichimodzi. Lumphirani pa 400, muone chaka. Ngati mwapitirira, bwererani pa 200, ngati simunafike pitani pa 600. Mukalumpha kangapo mumakhala mwafika pa chaka chanu. Onaninso masamba oyamba ndi otsiriza a buku lililonse, poti alembi ambiri ankaika pamenepo mndandanda wa mayina motsata alifabeti. Filimu imodzi nthawi zina imakhala ndi mabuku a madera osiyana, olekanitsidwa ndi kachikwangwani kakuda kolembedwa Item 2 kapena Item 3, ndipo munthu wosazindikira amawerenga buku la dera lina tsiku lonse.

Kabokosi ka mayina nako kali ndi kagwiritsidwe kake. Musachonge paja pofuna kuti dzina lifanane ndendende. Mlembi ankalemba dzina monga walimvera, ndipo wotaipa anawerenga monga waonera: u amasanduka n, L wamkulu amasanduka S, ndipo s wamtali wa m'zolemba zakale amaoneka ngati f. Ikani kanyenyezi * m'malo mwa zilembo zingapo zokayikitsa, kapena ? m'malo mwa chilembo chimodzi. Pa chaka chobadwa perekani mpata wa zaka zisanu uku ndi uku, chifukwa pa kalembera zaka ankatchula ndi aliyense amene wapezeka pakhomo. Mayi mufufuzeni ndi dzina la bambo ake komanso la mwamuna wake. Zikakanikabe, chotsani dzina la munthuyo, musiye mayina a makolo ake okha: abale ake amatulukira, ndipo buku limene muli abalewo nthawi zambiri ndi lomwelo muli iye. Kuyambira 2024 kulinso Full-Text Search, pomwe kompyuta imawerenga yokha zolemba pamanja. Imathandiza kwambiri pa zikalata za malo ndi mawilo, momwe dzina limabisala pakati pa ndime yaitali, koma imaphonya inki ikakhala yofufutika.

Nyenyezi imodzi taichotsa chifukwa cha Family Tree. Kuno simukhala ndi mzera wa makolo wanuwanu. Pali mzera umodzi wa dziko lonse, munthu aliyense womwalira ali ndi nambala yake ya zilembo zisanu ndi ziwiri, ndipo aliyense wokhala ndi akaunti angathe kusintha zolembedwa za munthuyo. Ubwino wake ndi wakuti mumapeza ntchito imene wachibale wakutali anagwira kale. Kuipa kwake ndi kwakuti wina akhoza kuphatikiza anthu awiri a dzina limodzi, mwadzidzidzi mayi n'kukhala ndi ana obadwa m'mayiko awiri chaka chimodzi. Kuti mudziteteze, dinani Follow pa makolo anu kuti muzidziwitsidwa zikasinthidwa, onani Latest Changes pomwe mungabwezere zimene zafufutidwa, ndipo deti lililonse mulimangirire ku chikalata chake n'kulembapo chifukwa. Zimene zilibe chikalata muzizitenga ngati mphekesera, ngakhale zitaoneka zaudongo chotani. Anthu amoyo amene mwawalemba amaoneka kwa inu nokha, ndipo pamenepa anachita bwino.

China chosowetsa mtendere n'chakuti sikophweka kukopera mzera wanu wonse wa mu Family Tree kukhala failo ya GEDCOM, yomwe mapulogalamu a mbiri ya makolo amapatsirana. Pulogalamu ina monga RootsMagic kapena Ancestral Quest ndi imene imathandiza. Ife timalangiza kuti mzera wanu weniweni uzikhala pa kompyuta yanu, mwina mu pulogalamu yaulere ya Gramps, pomwe wina sangaukhudze.

Mipata ina si mlandu wa webusaiti iliyonse. Kalembera wa ku United States wa 1890 anaonongeka pafupifupi yense ndi moto wa 1921, wa ku England ndi Wales wa 1931 anapsa mu 1942, ndipo mu 1941 kalembera sanachitike kumeneko chifukwa cha nkhondo. United States imabisa mayina a m'kalembera kwa zaka 72, n'chifukwa chake wa 1950 anatuluka mu 2022. Kumadera kumene kubadwa ndi imfa sizinkalembedwa, buku lalikulu ndi anthu achikulire. FamilySearch yakhala ikujambula mibadwo yonenedwa pakamwa m'mayiko monga Ghana ndi Nigeria, ndipo gawo la Memories limalandira zithunzi ndi mawu ojambulidwa, failo iliyonse osapitirira 15 MB. Mukacheza nthawi yaitali ndi wachikulire, dulani mawuwo m'zigawo, chigawo chilichonse muyambe ndi dzina lake ndi deti.

Poyerekeza ndi Ancestry, webusaiti ina yofufuzira makolo: kumeneko mumalipira, koma mzera ndi wanu ndipo wina sausintha. Timasamba tobiriwira timene timakulozerani zikalata timathandiza, koma timalozanso ku mizera ya anthu ena imene anangokoperana, zolakwika ndi zonse. Masiku 14 oyeserera amafuna khadi la kubanki, ndipo mukapanda kuimitsa nokha amayamba kudula ndalama. Koperani zithunzi za zikalata nthawi yanu isanathe. Find a Grave, webusaiti ya manda, ndi yaulere ndipo zithunzi za ziliza amaika ndi anthu odzipereka. Deti la imfa pa chiliza n'lodalirika kuposa lobadwa, poti lobadwalo analipereka ndi ofedwa mongokumbukira.

FamilySearch sigulitsa zoyezera DNA. Mukayezetsa kwina, yang'anani kwambiri ma centimorgan (muyezo wa kuchuluka kwa DNA yofanana) amene mukufanana ndi munthu, osati maperesenti a mitundu, omwe amasintha kampani ikawonjezera anthu oyerekezera. Kholo ndi mwana amafanana pafupifupi 3,500. Pafupifupi 1,750 akhoza kukhala agogo, amalume, azakhali, kapena m'bale wa bambo mmodzi mayi wina, ndiye nambala payokha siuza ubale popanda zaka ndi zikalata. Ganiziraninso kuti malovu anu amaulula za abale amene sanavomereze, ndipo mu 2023 akuba a pa intaneti anapeza uthenga wa anthu pafupifupi 6.9 miliyoni a 23andMe, kampani yoyeza DNA.

Pa foni pulogalamu ya Family Tree imagwira bwino poona mzera ndi kuika zithunzi, koma kuwerenga masamba akale kumafuna sikirini yaikulu, ndipo zithunzizo zimadya data. Tsamba lililonse mukalipeza, lembani dzina la buku, nambala ya filimu ndi nambala ya chithunzi, ndipo mulikope pomwepo ngati akulola, chifukwa mapangano ndi eni makaundula akasintha, tsamba lotseguka lero limatha kudzaoneka ndi kakiyi.