Ntchito ya olozera madzi ndi ndodo: chikhomo mumalandira, nanga madziwo?

Aliyense wofuna kukumba chitsime kapena mjigo amayamba ndi funso limodzi: tikumbe pati? Alipo anthu amene amagulitsa yankho la funso limeneli atanyamula ndodo ya mphanda, mawaya awiri kapena kachitsulo kolendewera pa ulusi. Pa Chingerezi ntchitoyi amaitcha dowsing. Ena amayenda okha, ena amabwera limodzi ndi kampani yokumba mijigo. Pa nyenyezi zisanu ife tikuipatsa ziwiri, ndipo ziwirizo n'za maso a munthuyo, osati za ndodo yake.

Ntchitoyo imayenda motere. Ndodo imakhala nthambi yaiwisi yooneka ngati chilembo Y, yaitali masentimita 40 kapena 50. Mwini wake amagwira nyanga ziwirizo zikhatho zitayang'ana kumwamba, n'kuzikanula pang'ono kuti ndodoyo ikungike ngati uta. Akamayenda, nsonga imagwa mwadzidzidzi n'kuloza pansi. Mawaya amakhala a mkuwa kapena achitsulo, opindidwa ngati chilembo L: mbali yaitali masentimita 30 mpaka 40, chogwirira 10 mpaka 15. Amawagwira mosafinya, atawerama pang'ono kutsogolo, ndipo akapingasana ndiye kuti "madzi ali apa". Munthuyo amadutsanso pamalopo kuchokera mbali ina, amakhoma chikhomo, ena n'kutchula mamita oti mukumbe. Ola limodzi kapena awiri, zatha.

Kuti ndodo imagwedezeka, imagwedezekadi, ndipo ambiri mwa anthuwa sanama dala. Ndodo yokungika ili ngati msampha wotchedwa kale: mkono ukangopendekeka pang'ono, yafwamphuka. Mawayanso ndi chimodzimodzi, dzanja likapendama pang'ono pokha amatembenuka okha chifukwa cha kulemera kwawo. Minofu ya munthu imatha kuchita timayendedwe totere mwini wake osazindikira, potsatira zimene maganizo ake akuyembekezera. William Carpenter, dokotala wa ku England, anafotokoza zimenezi mu 1852 n'kuzitcha ideomotor. Choncho ndodo imaulula zimene mwini wake akuganiza za malowo, osati zimene zili pansi.

Luso limeneli si ladzulo. Mu 1556 buku la Georgius Agricola lonena za migodi linasonyeza kale anthu a ku Germany akufunafuna miyala ya mtengo wapatali ndi ndodo za mphanda, ndipo iye mwini analangiza wamigodi wanzeru kuti aziwerenga zizindikiro za nthaka m'malo modalira kamtengo. Mu 1917 bungwe la United States Geological Survey linatulutsa lipoti la mbiri ya ntchitoyi, n'kunena kuti kupitiriza kuiyesa n'kuwononga ndalama za boma. Anthu sanaleke. Ku Britain kuli bungwe la olozera madzi kuyambira 1933, ku America kuyambira 1961, ndipo mu 2017 zinadziwika kuti makampani 10 mwa 12 operekera madzi ku Britain anali ndi antchito ogwiritsabe mawaya pofufuza mapaipi.

Mayeso aakulu a olozera madzi anachitikira kufupi ndi mzinda wa Munich ku Germany mu 1987 ndi 1988. Mwa anthu pafupifupi 500 anasankhamo 43 ooneka aluso. Paipi ya madzi inkasunthidwa m'chipinda chapansi cha nyumba yosungira zaulimi, iwo ali m'chipinda chapamwamba, n'kumaloza pamene paipiyo ili. Anayesa ka 843. Amene anakonza mayesowo anati ochepa anaonetsa luso, koma Jim Enright, wasayansi wa ku America, atawerengetsanso manambalawo anapeza kuti zotsatira zake sizinasiyane ndi kungolota, ndipo amene wachita bwino lero ankalephera ulendo wotsatira. Ku Kassel, ku Germany komweko, mu 1990 anayesa anthu 30 ndi paipi yokwiriridwa masentimita 50, funso lili lakuti madzi akuyenda kapena ayi. Nakonso sanapose mwayi wamba.

Nanga bwanji mijigo yambiri yolozedwa ndi ndodo imatulutsa madzi? Apa ndi pamene pagona nkhani. Olozera amakamba za "mitsinje ya pansi" ngati kuti mukaiphonya ndi mita imodzi ndiye mwagwa nayo. Mitsinje yotere imapezeka makamaka m'mapanga a miyala ya laimu. Kwina konse madzi amakhala m'timipata ta mchenga ndi timiyala, monga amakhalira m'siponji, kapena m'ming'alu ya thanthwe. M'chigwa cha mchenga mungakhome chikhomo paliponse, ngakhale mutatsinzina, madzi mudzawapeza. Wolozera amatamandidwa pa mayeso amene sakanalephera.

Pamalo a thanthwe lolimba, monga granite, nkhani imasintha. Madzi amakhala m'chigawo chofumbutuka chapamwamba pa thanthwe, chimene chingakhale mamita 5 pano koma 30 patsogolo pang'ono, ndiponso m'ming'alu yopapatiza. Mijigo iwiri yotalikirana mamita 50 ingathe wina kusefukira wina kutulutsa fumbi lokhalokha. Apa ndi pamene wogula amafunadi thandizo, ndipo apa ndi pamene ndodo ilibe chonena. Dzenje likauma, zifukwa sizisowa: okumba sanafike pansi, makina anapotoka, madzi "athawa" phokoso. Mijigo youma imakwiriridwa n'kuiwalika, yabwino ndiyo imaonetsedwa kwa makasitomala atsopano.

Chotidandaulitsa kwambiri ndi zimene ntchitoyi sipereka. Chikhomo sichinena kuchuluka kwa madzi. Pampu ya manja imafuna pafupifupi malita 0.25 pa sekondi, kutanthauza ndowa ya malita 20 kudzaza m'masekondi 80, kapena malita 900 pa ola. Pampu ya sola yothirira mbewu imafuna oposa pamenepo. Izi zimadziwika pokhapokha mjigo utakumbidwa, kutsukidwa, n'kupopedwa mosalekeza kwa maola angapo, kapena maola 24 ngati mudzaikapo pampu ya magetsi, uku mukuyeza mmene madzi akutsikira ndi mmene akubwererera pampu ikazima. Madzi othovoka pamene makina akupemerera mpweya m'dzenje amasangalatsa oonerera, koma kawirikawiri amaoneka ambiri kuposa amene mjigo ungapereke tsiku ndi tsiku. Chikomekome cha mkuyu.

Chikhomo sichinenanso ngati madziwo ndi omweka. Angakhale amchere. Angakhale ndi fluoride, mchere wa m'miyala umene umathimbiriritsa mano a ana, woposa mamiligalamu 1.5 pa lita, malire a World Health Organization, kapena arsenic, amene ndi poizoni, woposa mamiligalamu 0.01 pa lita. Ziwiri zomalizazi sizimveka pakamwa, zimafuna labotale. Ndipo ndodo ikagwa mamita 10 kuchokera pa chimbudzi chokumba kapena khola, wolozera ena amakhoma pomwepo. Lamulo lodziwika ndi mamita osachepera 30, chitsime chili kumtunda kwa chimbudzi, ndipo pa thanthwe la ming'alu ndi bwino kutalikitsa koposa chifukwa zonyansa zimayenda msanga m'ming'alumo. Pa mfundo iyi musagonjere ndodo ya munthu aliyense.

Zabwino zake zilipo. Wolozera amene wagwira ntchito zaka zambiri m'dera limodzi amakhala ataona zitsime zambirimbiri. Amadziwa m'mphepete mwa dambo, mitengo yokhalabe yobiriwira m'chilimwe, mzere wa mitengo ikuluikulu wodutsa pamalo ouma umene nthawi zina umatsata mng'alu, ndi kuzama kwa zitsime za anthu oyandikana nanu. Zonsezi ndi zizindikiro zenizeni zimene akatswiri a madzi a pansi amayang'ananso. Pa chitsime chokumba ndi manja m'chigwa, pamene kulephera kumangotayitsa masiku ochepa, munthu wotere ndi wothandiza, wachangu, ndipo salipiritsa zambiri. Mufunseni chifukwa chake wasankha malowo ndodo ataiika pansi. Akatha kufotokoza, ndi munthu woti mumumvere. Akangoti "ndodo yanena", samalani.

Pa mjigo wa makina, pamene mita iliyonse ndi ndalama, yerekezani ndi ntchito ya katswiri woyeza nthaka ndi magetsi. Iye amayamba ndi mapu a miyala ndi zolembedwa za mijigo yapafupi. Kenako amakhoma zitsulo zinayi mumzere: ziwiri zakunja zimalowetsa magetsi m'nthaka, ziwiri zamkati zimayeza. Akamatalikitsa zakunjazo, mpaka mamita 100 kapena kuposa mbali iliyonse, magetsi amafika pansi kwambiri. Thanthwe louma limakaniza magetsi, chigawo chonyowa chimawalola. Njirayi nayonso imaphonya: dongo ndi madzi amchere zimalola magetsi mosavuta, moti wosazolowera amasangalalira dongo lopanda madzi opopeka. Mapaipi achitsulo, mipanda ya waya ndi nthambo za magetsi zimasokoneza manambala. Kusiyana kwake n'kwakuti mumatsala ndi lipoti lolembedwa limene katswiri wina angaliwerenge n'kulitsutsa. Chenjeraninso ndi timakina ta m'manja tokhala ndi mlongoti wozungulira, tolonjeza kuona madzi pamtunda wa makilomita: ndi ndodo yomweyo, yangovala batire.

Ngati mukufunabe kulemba ntchito wolozera, muyeseni kaye, ndipo mugwirizane za mayesowo asanayambe. Tengani ndowa 10 zofanana zotsekera, imodzi ya madzi, zinazo za mchenga wouma, muzindandalike motalikirana mamita awiri. Amene waika ndowazo achokepo, chifukwa nkhope yake imaulula. Bwerezani ka 20 mukusinthasintha malo. Wongolota amalondola pafupifupi kawiri, wina katatu kapena kanayi mwamwayi, choncho waluso lenileni ayenera kupitirira patali. Akakana kuti ndodo imamva madzi oyenda okha, kwirirani paipi, wina azitsegula ndi kutseka mpopi pobisika potsata ndalama yoponya m'mwamba. Njira ina yosavuta ndi kuitana olozera awiri masiku osiyana, osawauza za mnzake, mutazula chikhomo choyamba n'kudzilembera pamene chinali.

Musanasaine pangano ndi okumba, lembani momveka kuti dzenje likauma alipira ndani. Makampani ambiri salonjeza madzi pamalo amene mwasankha nokha kapena amene wasankha wolozera wanu. Ngati wolozerayo ndi wa kampaniyo, pemphani kuti chikhomo chake chikhale udindo wawo, ndipo mawu akuti "mjigo wopambana" atanthauzidwe ndi malita pa ola, oyezedwa popopa, osati ndi madzi ongooneka pansi pa dzenje.