Pinecil V2: kachitsulo kowotcherera kamene kandichotsa manyazi

Masipika awiri a malemu bambo anga anakhala pamwamba pa kabati zaka 6 akungodya fumbi. Wailesi yake inafa kalekale, koma mabokosiwo ndi a matabwa enieni, olemera, moti kuwataya mtima sunkalola. Ndiye ndinati ndiwapangire ampulifaya ndi manja angawa. Ndinapeza kabolodi kosalumikiza ka TDA2030, kachipangizo kokweza mawu, tizipangizo tonse tili m'kajumbo, n'kugulanso chowotcherera chotchipa ku Limbe, chija chopanda dzina chimene umangochilowetsa pasoketi n'kumadikira.

Mabolodi awiri ndinawapha. Chitsulo chija chinkatentha mmene chafunira. Ukachisiya mphindi 10 nsonga yake inkada bii, solda, chitsulo chofewa chimene umasungunula pomata mawaya, n'kumangogubuduzika ngati madzi patsamba la koko. Ukakanikiza kuti igwire, kamkuwa kozungulira bowo kankamatuka n'kutsalira kunsonga. Ndinafika pokhulupirira kuti manja angawa ndi a khasu basi.

Pinecil V2 anandibweretsera ndi msuweni wanga pochokera ku Johannesburg. Amapanga ndi a Pine64. Nditatsegula bokosi ndinaseka, chifukwa n'kanthu kangati bolopeni yonenepa, kali ndi kasikirini kakang'ono ndi mabatani awiri okha. Musayembekezere chaja kapena poimikapo mmenemo, zimenezo mudzionera nokha. Kamalandira moto pa USB-C kapena pabowo lozungulira lija la machaja akale a laputopu, ndipo ine ndimagwiritsa chaja ya mavoti 19 ya laputopu imene inafa. Musanalowetse chaja yamtundu umenewu yang'anani kaye kuti positive ili pakati. Poimikapo ndinapinda waya wa hang'ala.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti kutentha umasankha wekha, ndipo kamakhala pomwepo. Solda ya 60/40, yosakaniza tini ndi mtovu, imasungunuka isanafike madigiri 190, ndiye ine ndimaika pa 330. Ndisanamalize n'komwe kupinda miyendo (timawaya tolowa m'mabowo a bolodi) ya resistor, kachipangizo kochepetsa moto, kamakhala kafika kale. Ukakagoneka pansi kamadziwa kuti wakasiya, kamatsitsa kutentha kokha, ukakanyamula n'kudzukanso. Nsonga ija mpaka lero ikuwala ngati yatsopano, koma ndimaipukuta pa kasiponji konyowa n'kuipaka solda pang'ono ndisanazimitse.

Komabe ndisakunamizeni, usiku woyamba ndinawotcherera zonyansa ndi Pinecil yomweyo. Vuto lina linali langa. Ndinkasungunulira solda kunsonga n'kuinyamula kukaidontheza pa mwendo, ngati ndikumata ndowa yobooka. Mkulu wina wokonza mawailesi kwathu kuno anayang'ana bolodi langa, n'kupukusa mutu. "Achimwene, simuwotcha solda ayi. Wotchani mwendo ndi mkuwawo, solda ibwera yokha." Anandionetsa kamodzi kokha. Nsonga ikhudze mwendo ndi mkuwa nthawi imodzi, muwerenge mumtima kawiri, mubweretse solda mbali inayo, osati kunsonga. Imayenderera yokha n'kukwera mwendo ngati kachulu kosalala, konyezimira. Muchotse solda kaye, chitsulo pambuyo, ndipo musagwedeze mpaka izizire. Chifukwa chake anandiuzanso: mkati mwa waya wa solda muli flux, mankhwala amene amatsuka mkuwa kuti solda igwire. Ukaisungunulira kunsonga, flux yonse imathera mu utsi isanagwire ntchito yake.

Apa m'pamene ndinaona phindu la kachitsuloka kwa munthu wophunzira. Kutentha kukakhala kosasintha, ukalakwitsa umadziwa kuti walakwitsa ndiwe, n'kukonza dzanja lako. Ndi chakale chija sindikanadziwa woti ndimuimbe mlandu.

Magetsi akathima ndimakalumikiza ku batire la sola la mavoti 12. Kamagwira ndithu, koma mphamvu imachepa. Pa tizipangizo ting'onoting'ono simungaone kusiyana, koma pa mawaya onenepa opita ku sipika pamafunika kudekha, chifukwa mkuwa wambiri umayamwa kutentha. Pamenepo nsonga yosongoka imene kamabwera nayo imavutika, ndipo ndikanalangiza kuti woitanitsa aitanitsiretu ina yophwatalala. Kuno simungaipeze pa golosale, ndiye ikatha mudzadikira wachibale wapaulendo.

Utsi uja ndi wa flux, umatsamwitsa, choncho ndimakhala pafupi ndi zenera. Ndipo poti solda yangayi ili ndi mtovu, mayi akunyumba anaika lamulo: palibe kugwira nsima ndisanasambe m'manja ndi sopo, osati kungoviika m'beseni.

Bolodi lachitatu linanditengera madzulo awiri. Ndinayamba ndi ma resistor chifukwa ndi afupiafupi, kenako ma capacitor, tizipangizo tosunga moto, ndikuonetsetsa kuti mzere wa pambali ukupita ku negative, chifukwa ukatembenuza amaphulika. TDA2030 ndi miyendo yake 5 ndinamalizira, nditaimangirira kuchitsulo choziziritsa. Nditayatsa, sipika inangoti hmmm osaleka. Mtima unagwa. Ndinatembenuza bolodi, n'kuunika ndi tochi ya foni, ndipo pa waya wa ground, wobwererapo moto, ndinapeza polumikiza pamodzi potuwa, pokhakhala ngati chipere. Ndinaikapo nsonga masekondi atatu, solda yatsopano pang'ono, phokoso lija zii.

Mapepala a TDA2030 amanena za mawati 14, koma pa mavoti 12 simungafikeko, ndipo pabalaza pathu sipafunika zonsezo. Lamlungu amayi anabwera kudzationa, anapeza kwaya ikuimba m'mabokosi aja. Anaima pakhomo kanthawi osakhala pansi, kenako anafunsa ngati ndinapukutako fumbi kumbuyo kwake.