Fulashi, hadi diski, SSD kapena Google Drive: mafayilo tizisunga pati?

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi. Foni yadzaza, laputopu yadzaza, zithunzi ndi mavidiyo ndizisamutsire kuti? Wachitatuyo anabwera atagula kale fulashi yolembedwa 2TB, akufuna ndimuyamikire kuti wapeza chinthu chabwino motchipa. Nditangoiona, mtima unabwerera ku chinkhoswe cha msuweni wanga. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wina akadzafunsa ndizidzangomulozera pano.

Ine si katswiri wa makompyuta. Ndimajambula zithunzi ndi mavidiyo m'maukwati, m'zinkhoswe ndi pa zochitika za kumpingo, choncho nkhani ya malo osungira imandipeza sabata iliyonse. Zinayi zonsezi ndazigwiritsapo ntchito, ndipo ndinene poyera kuti fulashi ndili nayo mangawa.

Tsiku lisanafike la chinkhoswecho ndinadutsa m'tauni kufuna poti ndidzatsitsire mavidiyo, poti mawa lake kunalinso ntchito ina ndipo khadi la mukamera ndinali nalo limodzi. Mnyamata wina wogulitsa machaja ndi mahedifoni anandionetsa fulashi yachitsulo yonyezimira, papepala lake palembedwa 1TB ndi dzina la kampani yodziwika. Mtengo wake unali wosasiyana kwenikweni ndi wa fulashi ya 32GB ya m'sitolo. Ndinakayikira, iye n'kuti, "Achimwene, iikeni pa laputopu yanu muone nokha." Ndinaika, kompyuta inaonetsadi malo ambirimbiri opanda kanthu. Ndinalipira ndikumwetulira.

Usiku wa chinkhoswe ndinakopera zonse, pafupifupi 80GB. Zinatenga maola, koma mayina onse a mafayilo anaoneka, kukula kwake kulinso bwinobwino. Ndinatsegula mavidiyo awiri oyambirira, anasewera. Ndinafufuta khadi la mukamera n'kukagona.

Patatha masiku anayi, nditakhala pansi kuti ndilumikize filimuyo, mutu unaima. Mavidiyo a m'mawa analipo: anyamata akuyala mipando, amayi akuphika kuseri kwa nyumba, wa zoimbira akuyesa masipika. Kuyambira pamene atsikana ankalowa ataphimbidwa zitenje kuti mkamwini asankhe wake, kupatsana tambala ndi thadzi kwa ankhoswe, perekaniperekani yense, palibe fayilo inatseguka. Dzina lilipo, kukula kulipo, mkati mulibe kanthu. Azakhali ataimba foni kufunsa kuti, "Nanga filimu ija, mwananga, abale a ku Joni akudikira," ndinasowa poyambira.

Chimene chimachitika n'chakuti m'fulashi muli kachipangizo kamene kamauza kompyuta kukula kwa malo. Akathyali amakasintha kuti kazinama. Windows safufuza, amangokhulupirira zimene wauzidwa. Malo enieni akadzaza, zimene mukupitiriza kukopera zimangotayika, ndipo mafulashi ena amabwerera poyambira n'kumalemba pamwamba pa zakale. Mndandanda wa mayina umakhalabe wooneka bwino, n'chifukwa chake munthu sudziwa mpaka tsiku lotsegula. Palibe pulogalamu yobwezeretsa mafayilo imene ingakuthandizeni, chifukwa zinthuzo sizinalembedwe n'komwe. Ndinayesa atatu osiyana, ndinangotaya bandulo. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo n'kwaulere, ndicho chimandipweteka kwambiri. Pali kapulogalamu kotchedwa H2testw kamene kamadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenga zimene kalemba, n'kukuuzani malo enieni. Kamatenga nthawi, pa fulashi yaikulu mwina usiku wonse. ValiDrive, imene inatuluka mu 2023, imangoyesa malo apa ndi apo ndipo imamaliza msanga. Amene makompyuta awo amayendera Linux m'malo mwa Windows ali ndi F3. Yanga ija nditaiyesa, mwa 1TB yonse ija malo enieni sanafike ndi 30GB yomwe. Musasokoneze ndi zina: chosungira chenicheni cha 1TB chimaoneka ngati 931GB pa Windows, kumeneko si kuba, ndi kasiyanidwe ka kawerengedwe chabe.

Ngakhale fulashi yeniyeni, ntchito yake ndi ya mtenga. Imanyamula kalata yofunsira ntchito kupita nayo kokasindikiza n'kubwerera. Kumeneko nakonso imakatenga matenda, kavairasi kaja kamene kamabisa mafoda n'kusiya timashotikati. Mafulashi ambiri ang'onoang'ono amabwera ali pa FAT32, njira yosanjira mafayilo imene imakana fayilo yoposa 4GB ngakhale malo alipo; kuisintha kukhala exFAT kumathetsa vutolo. Fulashi imasowanso ngati ndalama yachitsulo. Munthu wosunga dizeteshoni yake pa fulashi yokha ndimamumvera chisoni zisanachitike.

Hadi diski yakunja ndiye bwenzi langa lakale. Ndili nayo ya 1TB imene yadutsa m'malaputopu atatu ndipo ikugwirabe. Mukawerengera mtengo wa GB iliyonse, palibe choiposa pa zinayi izi, ndipo malo akamakula kusiyanako kumakulanso. Makampani opanga mahadi diski enieniwo anatsala atatu okha, Seagate, Western Digital ndi Toshiba, ndiye bokosi lingalembedwe dzina lina lililonse koma mkati muli mmodzi wa amenewa. Gulani yaing'ono ija ya mainchesi 2.5, imene imadya moto wa laputopu kudzera pa chingwe cha USB. Zikuluzikulu za 3.5 zimafuna kulumikizidwa kukhoma, ndipo magetsi akathima mukukopera mudzalira.

Vuto lake ndi limodzi koma lalikulu. Mkati mwake muli timbale tozungulira ka 5,400 pa mphindi ndi kasingano koyenda pamwamba pake. Ikagwa patebulo ili mkati mogwira ntchito, nthawi zambiri zathera pomwepo. Si chinthu chokwera nacho kabaza wa njinga yamoto pamsewu wa mabampu tsiku ndi tsiku. Komabe imachenjeza ikamadwala: imayamba kuchedwa, kulira kuti tiki tiki, kukana mafayilo ena. Wanzeru amasamutsa zinthu nthawi yomweyo. Mukamagula yogwiritsidwa kale ntchito, CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene yagwira ndi thanzi lake, wogulitsa akakana kuti muyese musiyeni.

SSD ndi chosungira chogwira ntchito ya hadi diski koma ilibe chozungulira, ndiye kugwedezeka sikuiopsa. Liwiro ndiye osanena. Mavidiyo a 50GB amene pa hadi diski yanga amatenga mphindi zisanu ndi zitatu kapena khumi, pa SSD amatha mu ziwiri kapena zitatu, pamene fulashi yotchipa ingakudyereni ola ndi theka. Koma muiike pa bowo la USB 3.0, limene kawirikawiri limakhala la buluu mkati. Pa USB 2.0 SSD ndi hadi diski zimayenda mofanana ngati ngolo. Njira yotsikirako mtengo imene ine ndinatsata ndi kugula SSD wamba ya mulaputopu, ya SATA, n'kuiika m'kabokosi kake ka USB kamene amalonda amati casing. Kabokosiko kakafa mumangogula kena.

Ziwiri ndizinene za SSD. Imafa mwakachetechete, dzulo ikugwira, lero kompyuta siikuiona n'komwe, ndipo kupulumutsamo zinthu n'kovuta kuposa pa hadi diski. Siyeneranso kutsekeredwa m'sutikesi zaka zambiri osayatsidwa, makamaka malo otentha ngati ku Nsanje kapena ku Salima, chifukwa zimene yasunga zimatha kufooka. Ndipo akathyali aja anafikanso kuno. Timabokosi tokongola tolembedwa SSD 4TB kapena 16TB pamtengo wa nsapato, ukatitsegula umapeza kamemori khadi ka mufoni ndi kachitsulo kongowonjezera kulemera.

Tsono Google Drive, imene achinyamata amandiuza kuti, "Mdala, zonsezo n'zachikale, ingoikani pa intaneti." Ubwino wake sindingautsutse. Akuba akalowa m'nyumba amanyamula laputopu ndi hadi diski yomwe ili pambali pake, koma za pa intaneti sangazikhudze. Google amapereka 15GB yaulere, OneDrive ndi iCloud 5GB, Dropbox 2GB. Pa masatifiketi, makalata, chiphaso ndi zolemba za kusukulu, malo amenewa ndi okwanira ndipo aliyense ayenera kutero lero lomwe.

Koma walira mvula walira matope. 15GB ija si ya Drive yokha, imagawidwa ndi Gmail ndi Google Photos, ndipo kuyambira chakumayambiriro kwa 2024 zosunga za WhatsApp pa mafoni a Android zimadyanso pomwepo. Magulu a kumpingo, a kumudzi ndi a kusukulu akamatumiza mavidiyo tsiku lonse, malowo amatha osadziwa. Akadzaza, Gmail imasiya kulandira makalata, ndipo mutha kudikira yankho la ntchito limene linabwezedwa kalekale. Akaunti yosiyidwa zaka ziwiri osaitsegula Google atha kuifufuta, anayamba zimenezi mu Disembala 2023.

Mukafuna malo owonjezera mumalipira mwezi ndi mwezi ndi khadi la kubanki, ndipo mtengowo umatsatira ndalama zakunja. Amene tinalipo mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, tikudziwa tanthauzo lake. Pamwamba pa apo pali msonkho umene sulembedwa paliponse, bandulo. Kukweza 80GB ya ukwati umodzi ndi 80GB ya bandulo, kuitsitsanso ndi ina 80GB, ndipo pa netiweki ya m'dera lathu kukweza kumachedwa kuposa kutsitsa. Kwa wogwira ntchito mu ofesi ya Wi-Fi yopanda malire nkhaniyi ndi ina. Kwa ine wogula bandulo ndi ndalama za m'thumba, mavidiyo sapita kumeneko.

Ndiye mukandifunsa kuti ndigule chiyani ndalama zili zokwanira chinthu chimodzi, ndimati hadi diski ya mainchesi 2.5 yochokera m'sitolo yopereka lisiti, muzisiya kunyumba, ndipo zofunika kwambiri zikhalenso mulaputopu, osazichotsamo. Mwina ndikukondera chifukwa yanga sinandikhumudwitsepo, ndikuvomera. Ngati mumayenda nazo tsiku lililonse kapena mumalumikiza mavidiyo, SSD ndiyo yoyenera m'chikwama, hadi diski n'kukhala nkhokwe. Umu ndi mmene ndikuchitira panopa: ntchito yatsopano imalowa pa SSD usiku womwewo, m'mawa ndimakoperanso pa hadi diski, ndimatsegula fayilo yoyamba, yapakati ndi yomaliza, ndipo khadi la mukamera silifufutidwa mpaka eni ukwati atalandira filimu yawo. Makhadi ndinagula atatu.

Filimu ya msuweni wanga tinaisoka ndi tizidutswa ta m'mafoni a anthu, tina togwedera, tina tojambulidwa kumbuyo kwa mutu wa munthu. Tambala uja amangomveka kulira, saoneka. Azakhali anaionera mpaka kumapeto osanena kanthu, kenako anati, "Koma mipando munaijambula bwino." Mnyamata wogulitsa uja ndinamupezanso pamalo pomwepo, anandiuza kuti mwina kompyuta yanga ili ndi vairasi, n'kundionetsa ina ya 2TB.

Fulashi ya mnzanga wachitatu uja tinaiyesa ndi ValiDrive tili pompo, timabokosi tambiri tinatuluka tofiira, kusonyeza kuti malowo kulibe. Anali atasamutsiramo kale zithunzi za mwana wake kuyambira tsiku lobadwa, koma mwamwayi anali asanazifufute mufoni.